Ndithandizeni kusankha chotepera TV kunyumba, amayi akuoneka pa kanema sabata ya mawa

Nambewe wa ku Chilomoni:
Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ine ndabwera ndi pempho, amene mumadziwa za zipangizozi chonde ndithandizeni. Amayi anga amaimba kwaya ya amayi a Mvano kwathu ku Thyolo, ndiye mwezi wathawu kunabwera anthu a TV kudzawajambula ndipo atiuza kuti pulogalamuyo iwulutsidwa Lamulungu la sabata ya mawa masana. Kunyumba kwawo kumudziko kulibe TV, amayiwo ali ndi zaka 71 ndipo chibadwire sanadzionepo pa kanema, moti akungondiimbira foni m'mawa ulionse kuti mwanawe usaiwale. Ndikufuna nditepe pulogalamu yonseyo bwinobwino ndikawaonetse pa Khirisimasi komanso ndisunge adzukulu adzaone. Chinanso bambo a kunyumba amagwira ya mashifiti ku Makata ndiye mpira wa Loweruka umangowadutsa, bola chinthu chomwecho chizitha kuwasungira. Ndamva kuti kuli chotchedwa DVR koma poyambira sindikupadziwa. Kunyumba tili ndi TV ya mainchesi 32 yosakhala smart ndi kadikoda ka eriyo kakalekale.

Yamie Bangwe:
Asisi musavutike, gulani DStv Explora basi nkhani yatha. Ine ndili nayo chaka chachitatu ichi, mumatepa tchanelo ina kwinaku mukuonera ina, mwana akalira mumaimitsa gemu nkukapitiriza pomwe munasiyira, ndipo mukaiuza kuti izitepa pulogalamu yakuti sabata iliyonse imapanga yokha.

Bambo a Chiso:
Kapena mungojambula ndi foni, muiike pa mpando moyang'ana TV. Zaulere.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Bambo a Chiso ndinayesapo pa ukwati wa msuweni wanga pomwe unaoneka pa nkhani, zithunzi zinatuluka ndi mizeremizere ndipo m'malo mwa mawu a pa TV kumamveka mapoto a kukhitchini ndi galu wa aneba. Za amayizi ndikufuna zoyera.

Che Jafali:
Musanapite kokagula mumve kaye zomwe zinandichitikira. Mawu oti DVR ndi oopsa mu tauni muno. Ine ndinalowa mu shopu ina ku Limbe nkunena kuti ndikufuna DVR, mnyamata anandipatsa chibokosi chakuda chokongola ndithu, ndinalipira nkukwera minibasi mpaka ku Machinjiri, kufika kunyumba kumbuyo kwake kulibe polowetsa eriyo kapena dishi, kuli timabowo tozungulira tambirimbiri tolowetsa makamera. Inali DVR ya CCTV, ija amaika m'mashopu yoonera akuba. Kubweza anakana ati ndatsegula katoni. Ndiye mukafika musanene DVR, nenani kuti dikoda yokhala ndi PVR, kutanthauza yotha kutepa, mawu ake ndi amenewo.

Madala Gondwe (okonza ma TV, Limbe):
Che Jafali anena zoona, anthu atatu anabwerapo pa benchi panga ndi mabokosi a makamerawo kuti ndiwalumikizire ku eriyo, sizitheka chifukwa mulibe tuner, mbali yolandira matchanelo.

Mayi Nambewe, musanatulutse ndalama pali funso limodzi lomwe lithetse zonse. Mukufuna kungoonera mochedwa, kapena mukufuna kutenga chomwe mwatepacho nkupita nacho kwina? Chifukwa izi ndi ntchito ziwiri zosiyana ndipo chipangizo chochita bwino yoyambayo nthawi zambiri yachiwiriyo sichilola. Explora yomwe akunena Yamie ndi makina abwino, sindikutsutsa, ili ndi hadi disiki mkati momwemo. Koma chomwe mwatepa chimakhala chokhomedwa mmenemo, simungachikopere pa fulashi kapena pa laputopu, anachita dala chifukwa cha eni mafilimu ndi mpira. Kuti amayi aonere ku Thyolo ndiye kuti munyamule dikoda yonseyo ndi TV yomwe. Komanso pamafunika dishi yokhala ndi Smart LNB, kachipangizo kolandira siginolo kutsogolo kwa dishi, ndipo pamwamba pa phukusi la pamwezi mumalipiranso access fee kuti mbali yotepayo izigwira. Kwa bambo a kunyumba ndi mpira wawo ndi yabwino kwambiri, kwa agogo a Mvano si imeneyo.

Chomwe chikukuyenerani pa nkhani ya kwayayi ndi kadikoda ka DVB-T2, kolandira matchanelo a digito pa eriyo, kokhala ndi USB PVR. Mumalowetsa eriyo kumbuyo, fulashi kutsogolo, mukadina batani lofiira lija pa rimoti kamayamba kulemba pa fulashipo. Mukamaliza mumazula fulashi nkukaika pa laputopu, fayilo yake imathera ndi .ts ndipo pulogalamu yoonetsera makanema ya VLC imatsegula popanda vuto.

Yamie Bangwe:
Madala koma timabokosi timeneto ndi tachabechabe, timatentha ngati mbaula, miyezi itatu tafa. Munthu agule chinthu kamodzi chokhalitsa.

Madala Gondwe (okonza ma TV, Limbe):
Tina timafadi msanga mwana wanga, makamaka tikaikidwa pamwamba pa TV kapena kuphimbidwa ndi kansalu koluka kaja amayi amakonda kukongoletsera. Koma funso la mayiwa ndi lakuti agogo aone nkhope yawo ku Thyolo. Explora yakoyo uwatulutsira bwanji?

Yamie Bangwe:
Apo pokha ndavomera, kukopera sizitheka. Koma pa mpira ndiye musandiuze.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Madala zikomo kwambiri, mwanditsegula maso. Ndiye kadikoda kanga kakaleka kali ndi polowetsa fulashi kumbali, kodi sikangathe?

Madala Gondwe (okonza ma TV, Limbe):
Si bowo lililonse la USB lomwe limatepa mayi. Ena anaikapo kuti azilowetsera software basi, ena ndi oonetsera mafilimu ndi nyimbo za pa fulashi koma osalemba. Tengani rimoti, muone ngati pali batani lolembedwa REC kapena kadontho kofiira. Kenako lowani mu menu mufufuze mawu oti PVR kapena Timeshift. Ngati mulibe ndiye kuti sikatepa. Ndipo chinanso chofunika, tchanelo yomwe iwulutse kwayayo mumaionera pa chani panopa? Chifukwa kuchokera pomwe tinasamukira ku digito matchanelo akwathu ngati MBC, Times, Zodiak, Mibawa ndi Luntha anthu amawapeza m'njira zosiyana, ena pa Kiliye Kiliye ya MDBNL, ena pa GOtv, ena pa dishi. Tchanelo ikakhala yokhomedwa kabokosi wamba sikangaitsegule ngakhale kalembedwe DVB-T2 pa katoni. Ndiye lamulo langa ndi limodzi, wogulitsa alumikize eriyo pomwepo, akuonetseni tchanelo yanuyo ikuoneka, atepe mphindi ziwiri pa fulashi yanu inu mukuona, aibwezere muonere. Akakana kuyesa tulukani mulowe shopu ina, Limbe ndi yaikulu.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Ndayang'ana, REC palibe, mu menu muli Media Player yokha. Ndiye kugula kulipo basi.

Tadala M:
Aunt inenso ndiwonjezereko za fulashi chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Mafulashi abodza adzaza mu tauni. Ine ndinagula ina kwa anyamata oyenda nazo m'manja pafupi ndi depoti, yolembedwa 128GB pa mtengo wa 16GB, pa kompyuta imaonetsadi 128GB, ndinatepa mwambo wonse wa graduation ya achimwene anga maola atatu dikoda osadandaula chilichonse, pokatsegula mphindi zoyambirira zokha ndi zomwe zinaoneka kwinako fayilo yowonongeka. Mkati mwake malo anali ochepa kwambiri, anangoinamiza kuti izionetsa zambiri. Zinandiwawa chifukwa mwambo uja sunabwerezedwe. Gulani ya 32GB ya SanDisk kapena Kingston mu shopu yoti mawa mukaipeza ili pompo, ndipo ngati muli ndi wina wa laputopu aiyese ndi kapulogalamu kotchedwa H2testw, kamadzaza fulashi yonse nkuwerenganso kuti kaone ngati malowo alipodi.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Pepa Tadala, zomvetsa chisoni. Nanga 32GB ikwana? Pulogalamuyo akuti ndi ya ola limodzi.

Tadala M:
Ikwana nkutsala kwambiri aunt. Matchanelo a SD amadya pakati pa 1GB ndi 2GB pa ola, a HD ndi omwe amadya kwambiri, mwina 3GB mpaka 5GB pa ola. Gemu ya mpira ndi hafu taimu yomwe muwerengere maola awiri. Chomwe muyenera kusamala ndi format, kakonzedwe ka fulashi kosungira mafayilo, monga FAT32 kapena NTFS. FAT32 silola fayilo imodzi kupitirira 4GB, madikoda ena amadula okha fayiloyo m'zidutswa koma ena amangoima. Ngati dikoda ikulola NTFS sankhani imeneyo, ndipo bola muifomate pa dikoda pomwepo osati pa kompyuta.

Achimwene Lloyd Ndirande:
Inu nonse mukukamba za mabokosi ndi mafulashi koma mdani wamkulu simunamutchule, magetsi. Ndikuuzeni za 25 January 2022. Flames imasewera ndi Morocco ku Yaoundé, koyamba kufika ndime ya matimu 16 mu AFCON, ine ndinali pa ntchito ya usiku ndiye ndinali nditatchera dikoda kuti itepe. Koma ndi masiku omwe aja namondwe Ana anawononga ku Kapichira, mvula ili pwatapwata, kwathu kuno mdima wokhawokha. Gabadinho Mhango anamenya chigoli chija cha kutali mphindi zoyambirira zomwe, dziko lonse likukamba, ine kufika kunyumba m'mawa hadi disiki ili mbee. Tinaluza 2-1 inde koma chigoli chimenecho ndimafuna ndisunge ndekha ndi mawu a owulutsa ndi zonse, ndidzamuonetse mwana wanga. Ndinachionera pa foni ya mnzanga kakanema ka masekondi ochepa. Kuyambira pamenepo dikoda yanga ili pa batire. Mlongo, pulogalamu ya amayi ndi ya tsiku limodzi ndipo ino ndi nyengo ya mvula, musadalire mwayi.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Eee achimwene mwandiopsa. Inveta ndiye sindingakwanitse panopa.

Achimwene Lloyd Ndirande:
Sipafunika inveta mlongo. Chinsinsi ndi chakuti potepa TV siyifunika kuyaka, dikoda yokha ndi yomwe imagwira ntchito ndipo imadya moto wochepa kwambiri. Posankha tengani yokhala ndi adaputa yakunja, osati ija chingwe chake chimalowa mkati molunjika. Muwerenge pa adaputapo, ikalembedwa 12V mutha kugula ka mini UPS kaja anthu amaikira ma rauta a WiFi, kamasunga maola angapo ndipo magetsi akathima dikoda siizindikira nkomwe. Ikalembedwa 5V muonetsetse kuti ka UPS ko kali ndi potulutsa 5V, musalowetse 12V pa ya 5V mupsereza.

Madala Gondwe (okonza ma TV, Limbe):
Lloyd wanena zanzeru. Ndiwonjezere kuti magetsi akathima fulashi ikulembedwa, si mbali yotsalayo yokha yomwe mumataya, nthawi zina fayilo yonse imakana kutseguka. Komanso pobwera magetsi amabwera ndi mphamvu, ma adaputa ambiri omwe ndimasintha amapsa nthawi imeneyo, ndiye TV guard musaiwale. Za mphenzi ndiye palibe guard yomwe ingakutetezeni, kukayamba kugunda zulani chingwe cha eriyo. Chaka chilichonse December ndi January benchi langa limadzaza ndi ma TV olowera mphenzi ku eriyo.

Mai Chirwa Zingwangwa:
Ine zamakonozi sindizidziwa koma nkhaniyi yandikhudza. TVM itayamba mu 1999 malemu bambo a ana anga anagula VCR, timatepa pa matepi aakulu aja. Mwana wathu woyamba anaonekapo akulakatula ndakatulo pa pulogalamu ya ana, tinatepa, tinalemba dzina ndi deti pa tepi nkuisunga mu kabati. Zaka zitadutsa tinaitulutsa yachita nkhungu yoyera mkati monse, makina oonetsera nawonso kulibe. Mwanayo pano ali ndi ana ake awiri ndipo amandifunsabe za tepi ija. Ndiye mwana wanga Nambewe ukatepa usasunge malo amodzi. Uike pa fulashi, uike pa kompyuta ya wina, utumizenso kwa abale. Mawu a mayi ako akuimba udzawafuna tsiku lina.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Amayi mwandiliza. Ndichita momwemo.

Bambo a Chiso:
Koma anthuni masiteshoni ambiri masiku ano amaulutsanso pa Facebook, bwanji osangodikira nkukatsitsa kumeneko?

Tadala M:
Si mapulogalamu onse omwe amaikidwa, kawirikawiri ndi nkhani ndi zochitika zikuluzikulu. Ndipo netiweki ikavuta kumbali yawo kanemayo amadukaduka. Ikhale njira yachiwiri. Yachitatu aunt mutha kupita ku siteshoniko nkukapempha kope, ena amathandiza, koma poti yanu muli nayo kale m'manja mtima umakhala m'malo.

Kondwani wa ma dishi:
Ndalowa mochedwa. Funso la mpira wa bambo silinayankhidwe bwino. Timabokosi ta USB tambiri tili ndi tuner imodzi, kutanthauza kuti kakamatepa Bullets ndi Wanderers ana sangasinthe kupita ku makatuni, akasintha kamafunsa kuti ndisiye kutepa? ndipo mwana amangodina OK. Tina timalola kusintha pokhapokha matchanelo awiriwo ali pa frequency imodzi. Ndiye Loweruka rimoti muziibisa, kapena mufunse ya ma tuner awiri ngakhale imasowa ndipo ndi yodulirapo. Ndipo ngati bambowo mpira wawo ndi wa ku England wa pa SuperSport, kabokosi ka eriyo sikawathandiza, kumeneko ndi kwa Yamie ndi Explora yake. Ena amagula ka HDMI capture kuti azitepa kuchokera ku dikoda yolipira kupita pa laputopu, koma pali chitetezo chotchedwa HDCP, nthawi zambiri mumangopeza sikirini yakuda.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Iwowa ndi a Manoma a kumtima, za ku England alibe nazo ntchito kwenikweni. Akangoona Wanderers basi tsiku lawayendera.

Yamie Bangwe:
Ndiye asisi muziwatepera akapambana pokha, Maule tilipo tikuona.

Kondwani wa ma dishi:
Chinanso, musadalire EPG, ndandanda ya mapulogalamu ya pa dikoda, potchera nthawi. Ndandanda ya mapulogalamu pa matchanelo ena imakhala yopanda kanthu kapena nthawi yake siyigwirizana ndi zomwe zikuulutsidwa. Tcherani timer pamanja, muyambe mphindi 10 nthawi isanakwane ndipo muwonjezere mphindi 30 kumapeto, chifukwa pulogalamu ikachedwa kuyamba dikoda siyidziwa, imangotseka nthawi yomwe munaiuza. Muonenso wotchi ya dikodayo, time zone ikhale GMT+2, ndaonapo ambiri akutepa pulogalamu yolakwika chifukwa wotchi inatsalira maola awiri. Za hadi disiki yakunja, ngati mudzafune yosungira magemu ambiri, dziwani kuti USB ya timabokositi moto wake ndi wochepa, disiki ina imangolira tiki tiki osazungulira, imafuna yokhala ndi adaputa yakeyake. Panopa fulashi ikukwanirani.

Che Jafali:
Nanga ma smart TV ena aja amatepa okha pa USB, sizingamuthandize mlongoyu atabwereka kwa aneba?

Madala Gondwe (okonza ma TV, Limbe):
Ayi Che Jafali, ambiri mwa amenewo monga Samsung ndi LG amakhoma fayilo kuti iziwonetsedwa pa TV yomwe inatepayo basi. Mukaika pa laputopu siitseguka. Ngakhale timabokosi tina timachita zomwezo pa matchanelo olipira, nchifukwa chake ndikuti ayese kaye kunyumba masiku akadalipo, atepe nkhani za madzulo akatsegule pa laputopu. Za mitengo sinditchula mayi, kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 mtengo wa lero si wa mawa, yendani mashopu atatu mufananize. Risiti mutenge ndipo alembepo masiku obwezera.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Ndabwerako ku Limbe. Shopu yoyamba anakana kuyesa ati katoni ikatsegulidwa ndagula, ndinatuluka monga munanenera Madala. Yachiwiri mtsikana wake anali waulemu, analumikiza eriyo, tchanelo ija inaoneka, tinatepa pang'ono nkubwezera zinatheka. Adaputa ndi ya 12V, ka UPS ndapezanso. Koma kunyumba kuno zithunzi zikumaima nkukhala timabokositimabokosi, mawu nkumadukaduka, ndipo ndikatepa zikutulukanso choncho. Kodi ndagula chakufa?

Kondwani wa ma dishi:
Si dikoda asisi, ndi siginolo. Dikoda imatepa chomwe yalandira, ikalandira zoduka imasunga zoduka. Eriyo yanu ili mkati kapena panja? Blantyre ndi wa mapiri ndipo ku Chilomoni malo ena ndi otsika. Dinani INFO kawiri pa rimoti muona mizere iwiri, strength ndi quality, wofunika kwambiri ndi quality. Wina akwere azitembenuza eriyo pang'onopang'ono inu mukuwerenga manambala. Muonenso chingwe, ngati chili ndi polumikiza pomata ndi tepi panja madzi amalowa pamenepo.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Achimwene Kondwani Mulungu akudalitseni. Chingwe chinalidi cholumikiza pakati ndi pepala la shuga, mkati mwachita dzimbiri lobiriwira. Bambo a kunyumba agula chatsopano mamita 15, akweza eriyo pa nsungwi yaitali, quality yachoka pa 38 kufika pa 80 ndi kwinaku. Ndatepa nkhani dzulo, mwana wa aneba watsegula pa laputopu yake zikuoneka bwinobwino ndi mawu omwe. Tsopano ndikungodikira Lamulungu.

Achimwene Lloyd Ndirande:
Ka UPS kakhale pa moto kuyambira Loweruka kadzaze. Ndipo muyese kuzimitsa pa soketi dikoda ikutepa muone ngati ipitirire.

Mai Chirwa Zingwangwa:
Lero ndi Lamulungu lija, mwana wanga zayenda bwanji? Ine ndinaonera kuno, amayi aja anaimba bwino zedi koma sindinadziwe kuti mayi ako ndi ati.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Anthuni zatheka!! Pulogalamu inachedwa kuyamba ndi mphindi pafupifupi 20, chikhala kuti sindinawonjezere nthawi monga ananenera achimwene Kondwani nyimbo ziwiri zomaliza zikanaduka. Magetsi anaphethira kamodzi mkatikati TV inazima koma kanyali kofiira ka dikoda kanali kakuyakabe, mtima unali m'mwamba mpaka nditabwezera nkuona kuti zonse zilimo. Fayilo yonse ndi 2.3GB. Amayi Chirwa, mayi anga ndi aja a mzere wachiwiri kumanzere, ovala magalasi, duku loyera lapendekeka pang'ono, pa nyimbo yachitatu kamera inawayandikira nkhope yonse akuimba atatseka maso dzanja lili pachifuwa, buku la nyimbo ali nalo koma osaliyang'ana nkomwe. Ndabwereza malo amenewo kasanu. Ndakopera kale pa laputopu ya mwana wa aneba ndi pa fulashi ina yomwe ndapatsa achemwali anga aku Chirimba.

Madala Gondwe (okonza ma TV, Limbe):
Zikomo potiuza mayi, ambiri akathandizidwa sabweranso. Fulashi ya agogoyo muilembe dzina muisunge, ya mpira mugule ina, kutepa ndi kufufuta sabata ndi sabata kumaitopetsa.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Ndamva Madala. Za Khirisimasi zija ndasintha, sindingathe kudikira, ndikwera minibasi ya ku Thyolo Loweruka likubwerali m'mawa. Amayi auza kale anzawo onse a kwaya kuti adzasonkhane ku tchalitchi masana ndiye laputopu ichepa, anthu ndi oposa 30. Tadala, fayilo ya .ts ija ingatheke kuisintha kuti iwoneke pa TV wamba ya USB? Abusa akuti atibwereka yawo ndi jenereta.

Tadala M:
Itheka aunt, tiisintha ikhale MP4 ndi pulogalamu ya HandBrake, yoyambayo tisaikhudze. Bweretsani fulashi Lachinayi ndikaweruka, tikumane pa Ginnery Corner cha m'ma 5, ndipo mufunse abusawo mtundu wa TV yawo kuti tiyesere pa yofanana nayo musananyamuke.